Siliva wa M'kamwa mwa Sunganani

Joni,
10 Malichi 2013

Amake Nthanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwanayo. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndilipo. Kudwala ayi, kunenepa ayinso.

Kalatayi ndapatsira a Tsoka a transipoti pamodzi ndi sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Nthanda. Ndabwerera ku makalata chifukwa foni ya achimwene anu a Wyson yandikwana. Ndikaimba ku golosale kwawoko amayamba afotokoza kaye za njinga yamoto imene akuilota, mayunitsi anga akutha, ndipo akakupatsirani foniyo amaima pomwepo ngati mlonda wa pa depoti. Alamu angawo makutu awo ndi aakulu kuposa chigafa chathu.

Ntchito ndi yomwe ija, kutsuka mbale kuseri kwa lesitilanti. Mwezi watha woperekera zakudya wina anasiya ntchito, ine nkukapempha malowo, poti iwowo amalandirako kangachepe kwa makasitomala. Bwana anandiyang'ana pakamwa, osati m'maso. Anati Chingerezi changa ndi chabwino kuposa chake, koma alendo safuna kuona mano a munthu wina asanaone nyama yawo. Munthu ameneyu sukulu analekera pamene ine ndinayambira. Ine amene ndinakhala zaka ziwiri pa yunivesite, ndikanamaliza fodya wa malemu bambo akanapanda kugwa mtengo, ndinabwerera ku sinki mwakachetechete.

Mano anga mukuwadziwa. Am'mwamba anathamangira kutsogolo mopanikizana ngati anthu pa mzere wa feteleza, milomo sikumana, ndipo am'munsi amaluma nkhama kuseri kwa anzawo mpaka magazi. Ku pulayimale ankanditchula Tchenzi. Inu nokha simunasekepo, kaya munkasekera kumbali.

Tsono kunabwera mtsikana wina kudzadya, dzina lake Thandeka. Anandiona ndikutulutsa zinyalala nkunditsatira mpaka panja. Ndi dokotala wa mano kale, koma akuphunzira zapamwamba, zowongola mano okhota, ndipo kuti amalize akufunika munthu wa pakamwa povuta woti amuwongole aphunzitsi ake akuona. Anandisuzumira m'kamwa momwe ogula fodya amayang'anira belo labwino ku okushoni. Anati pakamwa ngati panga wakhala akupafuna chaka chonse. Chibadwire, aka nkoyamba munthu kusirira mano anga.

Akuti amamata kachitsulo pa dzino lililonse nkudutsitsamo waya, wayayo nkumamukunga mwezi ndi mwezi, mano nkumasuntha pang'onopang'ono. Zimatenga zaka ziwiri, ndipo ine sindilipira kanthu. Ndavomera. Zikatheka ndichoka ku sinki, malata a nyumba ija nkugulidwa.

Fodya musamusankhe dzuwa lili pamutu, amaphwanyika. Muzidikira kam'mawa kukadali chinyontho. Mavenda akabwera ndi sikelo zawo zakuba muwabweze, fodya ameneyo apite ku okushoni kudzera ku kalabu.

Ndine mwamuna wanu,
Sunganani


Joni,
2 Juni 2013

Amake Nthanda,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndamva kuti amayi apezako bwino. Za mitengo ya fodya musadandaule nazo kwambiri. Chaka chilichonse amatiuza kuti tsamba lathu ndi loipa, chaka chilichonse amalinyamula lonse.

Ine mawaya aja andiika. Koma pali chimene mtsikana uja sananene momveka tsiku loyamba. Kuti mano akutsogolo abwerere m'mbuyo pamafunika malo, ndipo malowo amawapeza pozula anzawo. Andizula anayi, awiri m'mwamba, awiri m'munsi, abwinobwino opanda ndi kabowo komwe. Iye akuti anandiuza. Mwina ananenadi, ine mutu uli pa malata. Atafuna kuwataya ndinakana. Ndawasunga m'bokosi la machesi. Amenewa anamera ndi mgaiwa wa amayi anga, si zinyalala za chipatala cha eni.

Kupweteka kwake sindingakufotokozereni bwino. Ganizani munthu akudinda fodya pa jeke, koma belolo ndi mutu wanu. Sabata yoyamba ndinkangomwa phala ngati khanda, ndi nthochi yokanya ndi supuni. Waya amandicheka m'masaya. Pa siteji ya minibasi pali mayi wina wa ku Dowa amene amaotcha chimanga, ndipo masiku ano ndimazungulira njira ina kuti ndisamve fungo. Ndikalankhula mawu amatuluka ndi kamluzu, anzanga a ku khitchini nkumandiuza kuti ndinenenso kuti aseke bwino. Asiyeni aseke. Iwowo adzakalamba ndi siponji m'manja.

Akuti mipata inayiyo idzatsekeka yokha mano akamasuntha, bola ndisaphonye mwezi uliwonse. Ndikasiyira panjira, ndidzakhala woipa kuposa poyamba. Sindisiyira panjira.

Ndaika chithunzi m'kalatamu kuti Nthanda azolowere, asadzathawe bambo ake. Jekete ndabwereka kwa mnzanga wogona naye chipinda, ndipo galimoto imene ndatsamirayo ndi ya kasitomala amene anali m'kati akudya. Dzuwa linali bwino, muona momwe pakamwa pakuwalira. Muwaonetsenso a Wyson, ndi onse amene amati sukulu yanga inathera mu sinki. Aone kuti Tchenzi uja madokotala a kuno akumugwadira m'kamwa.

Ndatumiza kangachepe. Mulipire ana amene anathandiza kusoka fodya, zotsalazo mugule mchere ndi yunifolomu ya Nthanda. Chimanga musagulitseko ngakhale ndowa imodzi.

Ndine,
Sunganani


Joni,
15 Sepitembala 2013

Amake Nthanda,

Muli bwanji ndi kutentha kwa kumeneko? Nthanda chifuwa chija chinasiya? Ine ndili bwino, kungoti lamba ndaboolanso bowo lina.

Mwafunsa ngati ndibwera pa Khirisimasi. Sindibwera. Masiku a pa pasipoti yanga anatha kalekale, ndipo ndikangotuluka pa boda, kulowanso ndi nkhani ina. Kale zimenezi sizinkandiopsa, ndinkati zikavuta ndinyamuka, kwathu sikusowa. Lero ndikanyamuka ndinyamuka ndi mawayawa, ndipo pa boma pa Kasungu sindikudziwa amene angawapitirize. Mwina ku Lilongwe, pa mtengo woti tigulitse munda.

Tsiku lokunga waya ndimapempha kwa bwana, iye nkudula malipiro a tsikulo. Ndimakwera minibasi ziwiri mpaka ku sukulu ya madokotala. Pakhomo pake pamadzaza ana a sukulu, zikwama kumsana, akudandaula za mayeso ngati ndi maliro. Ndimadutsa pakati pawo maso ali pansi. Fungo la m'makonde mwawo ndi lomwe lija la kwathu ku koleji, la mabuku ndi polishi. Limandipweteka kuposa waya.

Akandigoneka pa mpando amabwera mphunzitsi wawo wamkulu ndi gulu lake. Amandikanula pakamwa ndi kapulasitiki, nkumakambirana za ine m'Chingerezi, akuloza ndi kachitsulo. Saganiza kuti ndikumva zonse. Tsiku lina atachotsa kapulasitikiko ndinafunsa chifukwa chimene mpata wakumanzere ukuchedwera kutsekeka. Mkuluyo anatembenuka nkuyankha Thandeka, ngati wafunsa ndi iyeyo. Mpando sufunsa mafunso.

Thandeka si woipa mtima. Amandipatsa timphira toti ndizikoleka kuchokera dzino lam'mwamba kufika lam'munsi, ndipo akaona kuti ndavala bwino amasangalala ngati mlimi woona nazale yamera. Ndi pamene ndinazindikira chimene ndili. Mukudziwa matenanti a pa esiteti kuseri kwa dambo, momwe amabwerera ndi malonjezo, nkudzapeza kuti sangachoke fodya asanagulitsidwe? Bambo ankawaseka kuti ndi anthu odzimanga okha. Iwowo bola, amalima munda wa mwini. Ine munda ndine, ndipo wolima ndi wina.

Kuno kwayamba kuvuta pang'ono ndi magalimoto a apolisi m'mawa. Musadandaule, ndimadziwa njira za kuseri.

Nazale mufese sabata ino, ndipo muuze amayi asamanyamule khenu ndi mwendo umene uja. Chachikulu ndi ichi: msonkhano wolemba maina a makuponi a feteleza ukaitanidwa, musatume munthu. Mupite nokha, mukhale kutsogolo, dzina lanu likatchulidwa muyankhe mokweza. Munda wa kumtunda uja popanda feteleza subereka ngakhale chodyetsa nkhuku.

Mwamuna wanu,
Sunganani


Joni,
3 Novembala 2013

Amake Nthanda,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo. Kalata yanu ndaiwerenga nditaima pa depoti ya a Tsoka, ndipo anthu anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndibwereze zimene mwalemba, mwina ndi ine amene sindikumva Chichewa. Mukuti chithunzi chija a Wyson anachikhoma mu golosale mwawo pamwamba pa shuga, nkumauza aliyense wogula machesi kuti alamu awo aika mano a siliva ku Joni. Mukuti anthu ankachokera kutsidya kwa dambo kudzachiona. Mukuti pa msonkhano dzina lanu litatchulidwa anaimirira a Fainala nkunena kuti makuponi ndi a anthu osauka, si a akazi a anthu otafunira siliva, ndipo gulu lonse linaomba m'manja. Wina nkuwonjeza kuti dzino limodzi lokha likhoza kugula matumba a mudzi wonse. Nkukuchotsani, ndi amayi omwe, poti ndi khomo limodzi.

Siliva! Ndi waya, amake Nthanda. Waya woti simungamangire belo, sangafike ngakhale pa sipoko ya njinga. A Fainala amene ndinkawalembera makalata opita kwa mwana wawo ku Mzuzu osawalipiritsa, lero akudziwa kuyeza chuma cha munthu pa chithunzi. Mudzi wonse wa anthu akuluakulu, ena madikoni, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti munthu wa siliva m'kamwa nyumba yake ikudontheranji.

Mwalembanso kuti munayesa kufotokoza kuti ndi chithandizo cha kuchipatala ndipo anandizula mano anayi. Simukanatero. Tsopano mukuti ena akunong'ona kuti manowo ndinagulitsa kwa asing'anga kuti ndikhwime. Ndiye kuti ndine wolemera komanso mfiti, zonse pa malipiro a wotsuka mbale.

A Wyson muwauze achotse chithunzicho lero. Ndikudziwa chimene mukuganiza, kuti amene anati chionetsedwe ndi ine. Ndinati muwaonetse. Sindinati atsegulire chionetsero.

Ndatumiza zonse zimene ndinali nazo, ndipo ndikudziwa kuti pa mtengo wa m'sitolo sizikwana thumba la feteleza. Mugule wa pa ndowa kwa omwe amagulitsa wa makuponi awo, alipo ambiri, ndipo sindikayika kuti ena mwa iwo ndi omwe ankaomba m'manja. Muthire chimanga cha kumunsi kokha. Fodya chaka chino muchepetse mizere. Kumtundako mudzale mtedza.

Dzulo anandikunganso. Thandeka anati mano akuyenda bwino kwambiri, nkundijambula zithunzi zambiri za mayeso ake. Ndinamuuza kuti zithunzi ndasiya kuzikonda.

Sunganani


Joni,
9 Febuluwale 2014

Amake Nthanda,

Ndikhulupirira kuti muli moyo nonse. Ndikunena choncho chifukwa kuyambira Khirisimasi sindinaone kalata yanu, ndipo nkhani za pakhomo panga ndikuzimvera kwa a Tsoka ngati za pa wailesi.

Akuti chimanga chachita chikasu chisanafike m'chiuno. Akuti nkhokwe inatha mu Januwale. Akutinso anakuonani mukuchokera ku esiteti, manja akuda ndi utomoni wa fodya, mutasenza kathumba ka madeya, Nthanda ali pambuyo tsiku la sukulu. Mkazi wanga, mwana wa a dikoni, kukhala m'chigafa cha mwini nkumasoka fodya pamodzi ndi matenanti. Sindikukudzudzulani. Ndikungofunsa kuti bwanji simunandilembere. Kapena munaona kuti wa siliva sangamve za madeya?

Nditamva zimenezi ndinapita kwa Thandeka tsiku losakhala langa, nkumuuza kuti achotse zonse, ndikupita kwathu. Anatseka chitseko nkundikhazika pansi. Anatenga kalilole nkundionetsa mipata ija, kuti yangotsekeka pang'ono, ndipo akachotsa lero mano akutsogolo abwerera kumene anachokera, mipata nkutsala chitsegukire. Ndinati pakamwa mpanga. Pamenepo anasiya za udokotala. Anati mayeso ake ndi mu Juni, ndipo oyesa amafuna kuona munthu weniweniyo, osati zithunzi zokha. Ndikachoka, zaka zake zonse zapita m'madzi. Bambo ake ndi dalaivala wa basi wopuma ntchito, ndipo anagulitsa galimoto yawo kuti iye afike pamenepa.

Kenako anandifunsa, misozi ili m'maso: "Bambo Sunganani, mukudziwa kuwawa kwake kosiya sukulu utatsala pang'ono?"

Ndinayang'ana nyali ya pamwamba pa mpando. Ndinagona chagada nkuyasamula, iye nkukunga waya.

Ndiye ndikhala mpaka Juni. Mukhoza kunena kuti ndasankha mwana wa eni kusiya wanga. Ndadziuza kale ndekha, ndipo ndinanena moipa kuposa momwe inu munganenere.

Malo a woperekera zakudya anapezekanso. Bwana anati ndidikire mawaya achoke, chifukwa panopa ndikuoneka ngati msampha wa mbewa. Poyamba anali mano, tsopano ndi waya.

Ndasamuka kumene ndinkakhala chifukwa cha apolisi aja. Za mnzanga wa jekete uja ndidzakuuzani pamaso. Makalata muzingopereka kwa a Tsoka, amadziwa kondipeza.

Ndatumiza ufa thumba laling'ono ndi nyemba. Nthanda abwerere ku sukulu, chonde. Akamuseka za bambo ake, muzimuuza kuti asamabise pakamwa ndi dzanja. Ndinaona pa chithunzi chake chimene munatumiza kuti mano ake akubwera ngati anga.

Ndine mwamuna wanu,
Sunganani


Joni,
13 Julaye 2014

Amake Nthanda,

Moni. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti bulangete ndalipeza, libwera ulendo wamawa. Kuno kukuzizira moti waya amachita kuluma.

Kalata yanu yafika, yaifupi ngati chiphaso cha kuchipatala. Mukuti amalume anu ndi a Wyson anabwera kudzakhala pansi ndi amayi. Akuti anakuperekani ku chitengwa kuti mukasungidwe, osati mukhale tenanti, ndipo ndikapanda kuoneka mvula isanagwe adzakutengani pamodzi ndi Nthanda. A Wyson ati walira mvula walira matope. A Wyson! Munthu amene anakhoma njala ya mlongo wake pamwamba pa shuga, lero akuponya miyambi. Koma inu simunalembe maganizo anu. Mwangoti "ndi zimene anena." Ndatembenuza pepalalo kufuna mawu anu, kuseri kulibe kanthu.

Mayeso aja anachitika. Anandiveka chinsalu choyera pakhosi, akuluakulu atatu nkumandisuzumira m'kamwa mosinthana, Thandeka akuyankha mafunso. Wakhoza. Anandikumbatira pakhonde anthu akuona, nkundipatsa mswachi woyendera magetsi. Kumene ndikugona kulibe magetsi.

Chimene sindinafunse mu Febuluwale ndi chakuti mayeso akatha ine ndidzakhala wa yani. Thandeka wapeza ntchito ku Durban, wapita. Anandisiya m'manja mwa sukulu, ndipo sukulu ikuti wophunzira watsopano adzanditenga chaka chamawa akadzayamba. Ameneyonso akhoza kuona zina nkuyambiranso mwa njira yake. Pakadali pano palibe wokunga, palibe wochotsa. Fodya wagulitsidwa, mwini wanyamuka, munda wangotsala ndi ziputu.

Kachitsulo kamodzi kamatuka, waya nkumandibaya tsaya. Ndinamupinda ndekha ndi chowengera zikhadabo. Ndinapita kwa dokotala wina wa m'tauni kuti angochotsa zonse. Anati sagwira ntchito imene anayamba wina, ndipo akati agwire, mtengo wake ndi woti ine ndisadye mwezi wathunthu, inunso musadye.

Mipata yatsekeka theka. Milomo tsopano ikukumana, koyamba chibadwire. Ndikadziyang'ana pa galasi la sitolo nditatseka pakamwa ndimaona munthu wooneka bwino ndithu, woti akhoza kuperekera zakudya. Chaka chimodzi chokha, amake Nthanda, chinthuchi chitha. Ndasiya zambiri panjira moti anthu amandiwerengera. Ndimafuna chimodzi chokha chimene ndingati ndinamaliza.

Muwauze amalume adikire. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndawanena kambiri. Mundiyankhe ndi mawu anu, ngakhale akhale otukwana.

Sunganani


Joni,
21 Sepitembala 2014

Lefina,

Ndikukutchula dzina lako ngati kale tisanakhale ndi mwana, ndipo kalatayi a Tsoka akupatsa m'manja kwanu kwa amalume ako. Ndikhulupirira uli bwino, ndi Nthanda yemwe.

Yankho lako ndalimva. A Tsoka anafika ndi bulangete nkupeza chitseko chathu chili chomanga ndi luzi, amayi ali okha pakhonde akusenda mtedza. Akuti sunadikire mvula, ndipo sunatenge kanthu koma zovala ndi mwana. Amayi sanakunenere choipa. Anangofunsa a Tsoka ngati siliva amadyedwa.

Ndasiya ntchito. Bwana ndamuuza zimene ndinamusungira chaka ndi theka, m'Chingerezi chimene anachiyamikira chija, ndi kamluzu komwe. Ndikwera lole ya a Tsoka ulendo wawo wotsatira, pamwamba pa mafiriji a anthu amene zinawayendera. Pa boda adinde zimene akufuna. Kuno sindikusiyako kanthu koti ndidzakabwerere.

Ndinamuimbira Thandeka kumufunsa kuti tizitsuloti amatichotsa bwanji. Anakuwa kuti ndisayerekeze, ndidikire chaka chamawa, ndiwononga ntchito yabwino. Ndinamuuza kuti ntchito yake yabwinoyo anailandirira kale satifiketi. Kenako anati, "Osakoka. Kufinya kokha, kamodzikamodzi." Anatinso mano adzabwerera kutsogolo, mwina osati onse. Ndinati kumene akubwererako ndi kwawo.

Tsono ndikupemphe ntchito imodzi, ngakhale ulibenso chifukwa chondigwirira ntchito. Upite kwa a Lemani okonza njinga pa Chulu. Uwauze kuti Lachinayi loyamba la Okutobala, tsiku la msika, ndidzakhala pa benchi yawo. Akonze pulayazi yaing'ono ija amagwirira masipoko, aiwiritse m'madzi, ndipo tsiku limenelo asalawe kachasu mpaka titamaliza. Benchiyo aitulutse panja pa shedi, poyera.

Ndikufuna anthu aone. A Wyson atseke golosale abwere, ndipo a Fainala awasungire malo kutsogolo. Kachitsulo kalikonse kakachoka ndidzakaika m'manja mwawo, ndi waya yemwe, apite nazo kwa mavenda a sikelo akawauze mtengo wake. Ndidzatsegulanso bokosi la machesi, awerenge okha mano amene ndinagulitsa kwa asing'anga. Maina a makuponi sanalembe, ndafunsa. Chaka chino pa msonkhano ndidzakhala kutsogolo ndine, nditayasamula, mipata yonse inayi ili poyera. Amene adzati ndine wolemera adzayambe walowetsamo chala.

Sindikubwera ndi malata. Ndikubwera ndi chikwama chomwe chija ndinapita nacho, ndi mswachi wa magetsi woti Nthanda aziseweretsa. Amalume ako ndidzawaona mwaulemu, ndipo ndidzayesetsa kugwira pakamwa, ngakhale ukudziwa kuti madokotala a Joni alephera.

Ukatha kubwera pa msikapo, ubwere, ndipo mwanayo aone kuti bambo ake sabisa mano. Unditengere nzimbe imodzi, ndione ngati otsalawa akugwirabe ntchito. Ukapanda kubwera, ndidzachoka pa benchi ya a Lemani molunjika kwanu, magazi ali m'kamwa, nkukhala pakhonde la amalume ako mpaka utuluke udzandiseke pamaso. Nthawi ino usasekere kumbali.

Ndine wako, Tchenzi yemwe uja,
Sunganani